Chipewa Pansi pa Dziwe

Wezulo itangolira, a Ukonde anaiwala kuti ali pantchito. Anaima m'mphepete mwa dziwe losambiramo la pakalabu, m'manja muli mtengo wautali wa ukonde wochotsera masamba umene unawapatsa dzinali. Ankayang'ana mwana wawo, Kansomba, akung'amba madzi ngati nsalu. Dzuwa linkavina pansi pa dziwe, ndipo phokoso la anthu linkamveka ngati likuchokera kuseri kwa phiri.

Dziweli anayamba kulitsuka ali mnyamata, koma anali asanalowemo. Kalelo munkasambira azungu okha. Tsiku lina anaterereka, mwendo umodzi n'kulowa mpaka m'bondo, mkulu wa kalabu n'kulamula kuti madzi onse atayidwe. A Ukonde anawataya ndi manja awo omwe. Chikwangwani choletsa anthu akuda kusambiramo chinazulidwa kalekale, koma mwendo unkakumbukabe.

"Tapambana, ababa!" anakuwa Kansomba ali m'madzi, atakolekana khosi ndi mnzake wa timu imodzi, Tomato, mwana wa mzungu wina, dokotala wa mano.

Pakalabupo panali chizolowezi chakuti timu ikapambana, abambo a osambirawo amadumphira m'madzi ndi zovala zomwe. Dokotala anali atavula kale wotchi.

"Tiyeni, a Ukonde. Kapena mukuopa kusungunuka ngati shuga?"

"Dumphani inuyo, adokotala. Mimba yanuyo ikuyandamitsani. Ine ndimira ngati fosholo."

Anthu anaseka, koma a Ukonde maso awo anali pansi pa ambulera ya pakona. Pamenepo panali patakhala mkulu wakale uja, tsopano woyendera ndodo, milomo ataitseka ngati chikwama.

Kansomba anasambira mpaka pamapazi pa bambo ake.

"Ababa, mukapanda kulowa, chikho chawocho atenge. Ine sindidzapondanso muno."

"Iwe, usandichititse manyazi pagulu."

"Wokuchititsani manyazi ndine? Si amene anakutayitsani madzi chifukwa cha mwendo umodzi?"

Kuseka kuja kunazima. Penapake supuni inalira m'kapu. A Ukonde anagoneka mtengo wawo pansi. Anavula nsapato n'kuziika moyandikana bwinobwino, ngati pakhomo pa eni. Dokotala anawagwira dzanja, dzanja lofewa lonunkhira sopo, ndipo anadumphira limodzi, a Ukonde chipewa chili kumutu.

Pansi pa madzi panali zii. Matailosi amene ankawakwecha ali patali anawaona pafupi, kuwala kukuyendayenda pamwamba pake ngati kuli ndi moyo. Anaona miyendo ikupalasa, ya Tomato ndi ya Kansomba, yonse itasanduka yobiriwira, yosadziwika mwini wake. Anafuna atakhalabe komweko pang'ono.

Anavuuka akutsokomola. Madzi ankalekeza m'chifuwa basi.

"Zaka zonsezi," anatero akupukuta nkhope, "kani ndi ofunda chonchi?"

Kansomba anaseka mpaka anamwa madzi, kenako anabisa nkhope paphewa lawo lonyowalo.

M'mawa mwake a Ukonde anafika akuyembekezera lamulo lotaya madzi. Anasesa, anapukuta mipando, makutu ali kuofesi. Palibe anawaitana. Pansi pa ambulera ya pakona panalibe munthu, ndipo dziwe linali phee, mitambo ikusambiramo.

Pakati penipeni, pansi, panali chipewa chawo cha dzulo. Anatambasula ukonde kuti achivuule, koma anaima. Anaugoneka pansi, n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato.