Mipando Yobwereka ndi Sukulu ya Maso

Anali atangomaliza kumwa tiyi wa m'mawa. Amayi ankasonkhanitsa makapu, Chisamba ankapukuta katebulo, ndipo abambo, omwe anthu ankangowatcha Amakaniko chifukwa cha ntchito yawo yokonza njinga, ankayang'ana mabowo a malata kudenga.

Nkhani inali ya alendo. Chisamba, mwana wawo woyamba, anali atasankhidwa kukaphunzira ntchito yoyeza maso ndi kulembera anthu magalasi. Koma fizi yake inali yoti ngakhale njinga zonse za m'deralo zikanaphulika matayala tsiku limodzi, ndalama zozikonzera sizikanakwana. Sukulu inali itanena kuti amene salembetsa pofika tsiku lotsegulira, malo ake apatsidwa kwa wina. Choncho mtsikanayo anapempha thandizo ku bungwe lina lolipirira ophunzira za maso, ndipo a bungwelo anayimba foni kuti tsikuli atumiza munthu kudzaona pakhomo.

"Anthu ophunzira chotere sangakhale pa benchi langali," anatero Amakaniko. "Angaganize kuti mwana wochokera m'nyumba yotere sangaithe sukulu."

Chisamba anayesa kunena kuti alendowo akungofuna kuona mmene amakhalira, koma abambo ake anali atavala kale nsapato.

Pofika masana nyumba inali itasanduka ina. Sofa wofewa anachokera kwa Aphunzitsi, mayi wopuma pantchito amene ankakhala nyumba yoyandikana nayo. Kapeti ndi makatani zinachokera kwa telala. Wagolosale anabwereketsa kanema, ngakhale kuti m'nyumbamo munalibe magetsi. Banja lonse linaima pakhomo likuyang'ana m'kati modabwa. Amayi analowa monyang'ama, nsapato zili m'manja, nanena kuti akumva ngati afunika kuodira kaye m'nyumba mwawo momwe.

Posakhalitsa Aphunzitsi anatulukira ndi nsalu ya patebulo. Anasuzumira, naseka.

"Kodi mkamwini wathuyo ndi wolemera bwanji, kuti mpaka kanema wopanda magetsi?"

Atamva kuti alendowo si ofunsira ukwati, kuseka kunatha. Anakhala pa sofa wawo yemwe, nafotokoza pang'onopang'ono. Anati mabungwe otere amalandira mapempho ambiri kuposa ndalama zimene ali nazo, ndiye amayendera makomo kuti aone amene akusowadi. Mlendo akapeza kapeti ndi kanema, akalemba kuti banjali lingadzilipirire, ndipo thandizo lipita kwina.

"Ndiye ndionetse umphawi wanga kwa munthu wachilendo?" anafunsa Amakaniko ndi mawu otsika.

"Muonetse nyumba imene yalera mwana wokhoza chonchi," anayankha Aphunzitsi. "Palibe chamanyazi pamenepo."

Amakaniko anapukuta zala zawo zakuda ndi girisi. Kenako anadzuka n'kugwira mbali imodzi ya sofa, Chisamba n'kugwira inayo. Polowa sofayo sanavute, koma potuluka anakanirira pachitseko, theka kunja, theka m'kati. Ali m'kati mokankha, njinga yamoto inaima pabwalo. Anatsika mayi wovala zovala wamba, atakoleka chikwama paphewa, nanena kuti ndi dokotala wa maso wotumidwa ndi bungwe lija.

"Mukusamuka kodi?" anafunsa.

Amayi anayang'ana pansi. Chisamba anayang'ana abambo ake. Amakaniko anatula sofa, navula chipewa.

"Ayi adokotala. Zonsezi n'zobwereka. Timafuna tikulandireni bwino. Zathu ndi benchi ilo, katebulo ndi mphasa."

Adokotala anaseka mokoma mtima, natula chikwama, nawathandiza kupendeketsa sofayo mpaka anatuluka. Kenako anakhala pa benchi lija. Anafunsa za ntchito ya njinga, za munda, za ana ena awiri amene anali kusukulu, ndipo ankalemba zimene akuuzidwa. Anaonanso zotsatira za mayeso a Chisamba, n'kugwedeza mutu.

Amayi anafunsa kuti bungwe likakana, ndiye kuti zonse zathera pomwepo? Adokotala anati ayi, makomo ogogodapo alipo angapo. Pali thandizo losabweza, lina la osowa, lina la okhoza kwambiri. M'malo ambiri palinso ngongole ya ophunzira, imene munthu amabweza akayamba ntchito. Zipatala zina zimalipirira wophunzira pa mgwirizano woti akamaliza akagwire ntchito kumeneko zaka zingapo, ndipo Adokotalawo anaphunzira mwa njira imeneyi. Anamulangiza Chisamba kuti akafika kusukulu akafunse ku ofesi yoona za ophunzira, azipempha malo angapo nthawi isanathe, ndipo aziwerenga bwino mgwirizano uliwonse asanasayine. Anachenjezanso kuti aliyense wofuna kangachepe kuti akupezereni thandizo ndi wakuba.

Amakaniko ankamvetsera, koma panali china chimene chinkawavuta. Pomaliza anafunsa.

"Pepani adokotala. Ntchito imeneyi kwenikweni ndi yotani? Magalasi ngakhale pamsika amagulitsa. Zaka zonsezi mwana akakhala akuphunzira chiyani?"

Adokotala anapempha kuti atseke zenera ndi chitseko. M'chikwama anatulutsa kachipangizo kooneka ngati tochi, kokhala ndi kabowo kosuzumirapo. Anamukhazika Chisamba pa benchi, namuuza kuti ayang'ane msomali wa pakhoma osagwedezeka. Kenako anaika kachipangizoko m'dzanja la Amakaniko, nawauza kuti asuzumire pa kabowoko, nawasendeza pafupi ndi nkhope ya mwana wawo.

Poyamba sanaone kanthu, mdima wokhawokha. Anayesanso, osaona. Adokotala anawapendeketsa mutu pang'ono. Pamenepo kadontho kakuda ka pakati pa diso kanayaka, kofiirira ngati kuthambo dzuwa likamatuluka. Atasendera pafupi anaona timitsinje tofiira, tina tonenepa, tina tochepa kuposa tsitsi, tikugawikana ngati mizu ya mtengo, ndipo tonse tinkachokera pa kamwezi kowala.

Amakaniko anachotsa diso pa kabowo kaja. Mwanayu anamunyamula ali khanda, anamupukuta misozi kangati konse, koma sankadziwa kuti kuseri kwa kadontho kaja kuli dziko lotere.

"Zonsezi zili m'kati mwa mwana wanga?" ananong'ona.

"Zili mwa inunso," anatero Adokotala. Anafotokoza kuti kamwezi kaja ndi pamene pamayambira mtsempha wotengera zimene diso laona kupita ku ubongo. Munthu wophunzira akayang'ana timitsinjeto amatha kuona zizindikiro za shuga kapena kuthamanga kwa magazi mwiniwake asanamve kupweteka kulikonse. Amatha kupeza matenda amene amaba maso mwakachetechete, n'kumutumiza munthu kuchipatala nthawi ikadalipo. Amathanso kuzindikira kuti mwana amene akunenedwa kuti ndi wopanda nzeru m'kalasi amangolephera kuona pa bolodi.

Amayi nawo anasuzumira. Ataona kuwala kuja anagwira pakamwa, nakhala pansi pamphasa. Zenera litatsegulidwa, makolo onse awiri ankangomuyang'ana Chisamba, mpaka iye anachita manyazi n'kuseka.

Potsanzika, Adokotala anati zina zonse bungwe linali litaziona kale, chotsala chinali ulendowu. Zimene apeza zikugwirizana ndi zimene mtsikanayo analemba, ndipo akapereka lipoti tsiku lomwelo.

M'mawa mwake Amakaniko anali pansi pa mtengo wawo wa ntchito, akuviika chubu m'beseni kufuna pamene pabooka, pamene Chisamba anabwera akuthamanga, foni ili m'manja. Bungwe linali litavomera kumulipirira fizi ndi malo ogona. Za mabuku anamuuza kuti akafunsire ngongole ya ophunzira.

Mwini njinga imene ankakonzayo, bambo wogulitsa mkaka, anamva zonse. Anati nayenso ali ndi mwana amene akulemba mayeso chaka chino, koma analeka kale kulota za koleji, poti zothandizidwa n'za anthu odziwana ndi akuluakulu.

"Ine ndikudziwana ndi ndani, achimwene?" anatero Amakaniko. "Mwana akakhoza, musakhale pansi chifukwa cha fizi. Funsani kusukuluko, pemphani malo angapo nthawi ikadalipo, musalipire munthu wapakati, ndipo munene zoona za mmene mulili. Thandizo limapita kwa amene wafunsa ndipo waoneka kuti akusowadi."

M'beseni munatuluka tithovu. Amakaniko anaika chala pamalopo, napukuta chubu pa malaya, natenga guluu.