Mpando wa Pambali pa Apongozi

Josphat Lungu ndiye analemba pulogalamu yogulitsira matikiti a minibasi zoyenda pakati pa Petauke ndi Nyimba, ndipo ankainyadira ngati mwana wake woyamba. Anaiphunzitsanso chifundo: matikiti ogulidwa pafoni imodzi ndi a banja limodzi, choncho eni ake azikhala moyandikana. Koma kompyuta ndi wantchito womvera mopusa. Ukaituma kukatunga madzi osaiuza polekezera, imiza mudzi wonse.

Loweruka lina mkazi wake Rabecca anagula matikiti atatu opita kuukwati ku Nyimba: yake, ya Josphat ndi ya amayi ake a Rabeccayo. Anamuonetsa Josphat uthenga wa matikitiwo atafika kale pasiteshoni. Rabecca anapatsidwa mpando 8, kutsidya kwa kanjira. Josphat 9, apongozi 10. Mkamwini wadzulodzuloli, amene akakumana ndi apongozi panjira amapatukira kutchire, lero akhale nawo ntchafu kugundana m'mabampu onse mpaka ku Nyimba! Manyazi ake akanawaika pati?

Anatsegula laputopu pomwepo. Basi inali yodzaza, ndipo batani losinthanira mipando analichotsa yekha kalekale, ati linkaipitsa maonekedwe. Anaganiza zowonjezera lamulo loti mkamwini asayandikane ndi apongozi. Nanga kompyuta ikanawadziwa bwanji? Pokhapokha ataiuza maukwati onse a m'boma lonse, akutha ndi obwererana omwe.

"Ine nizabwela mailo," anauza Rabecca motsitsa mawu.

"Ukwati ni lelo, aLungu. Kwelani chabe."

Anakwera atazyolika. Pampando 9 anapeza mayi wina atafungatira thumba la mtedza. Pa 10 panali bambo wonyamula batire ya galimoto. Apongozi anali kumbuyo kwenikweni, pawindo, akucheza ndi anzawo a kutchalitchi, nkhope atayang'anitsa kwina monga mwa ulemu wake.

Josphat anakodola kondakitala. "Nanga manambala ya mipando?"

"Manambala?" Kondakitala anaseka. "Ah, bwana, ise tiona chabe kuti munthu alipila. Bantu baziba beka pokhala."

"Kuyambila liti?"

"Kuyambila tsiku munatipatsa vinthu vanu."

Anamukhazika pafupi ndi chitseko, pakampando kopinda kamene pulogalamu sinkadziwa n'komwe kuti kaliko. Basi itadzuka, mtima wa Josphat unakhala pansi. Gawo la mipando limene analivutikira koposa m'pulogalamu yonse linali lisanamveredwepo ndi munthu ngakhale mmodzi. Zinamuwawa pang'ono, inde, koma chibadwire anali asanathokozepo Mulungu ndi mtima wonse chotere.