Ubweya wa Coronel

Noelia anatulutsa chinthucho m'makina ochapira n'kuchikweza ndi manja onse awiri. Chinali cholemera, chofiirira, chogwirana gwa ngati chikopa chouma. Madzi ankadontha pa simenti ya pakhonde.

"Chimenechonso n'chiyani?" anafunsa Heber Techera, mkulu wake wa bambo ake a Noelia. Anali atakhala pampando wa malemu mng'ono wakeyo, chikho cha tiyi wowawa chili m'manja.

"Ubweya wa ababa. Unali m'thumba pafupi ndi gudumu lawo lopotera ulusi. Umanunkha nkhosa, ndiye ndimati ndiuchape alendo a Lamlungu asanafike."

"Ndi madzi otentha?"

"Ndi sopo yemwe."

Heber anaseka mpaka tiyi kumupalira. "Mwana wanga, sukulu yonse ija! Wapanga chishalo cha hatchi. Ku Paraguay ndinaona anthu akugulitsa zoterezi pamtengo wabwino, osadandaula."

Zulma, mkazi wa malemu, anatuluka m'khitchini akupukuta manja. Analandira chinthucho kwa mwana wake, nayesa kuzulapo ubweya ndi zala. Sunazuke. Anachiika pansi, nalowa m'nyumba, nabwerera ndi juzi yofiirira yolukidwa pamanja. Anaiyala patebulo n'kuisalaza. Inali ndi khosi, thupi ndi mkono wakumanja. Kumanzere kunali dzenje chabe.

Amílcar, mwamuna wa Zulma, anagwa n'kumwalira pakati pa mizere ya tomato Lachiwiri m'mawa, ndipo anamuika m'manda tsiku lotsatira. Uthenga unamupeza Heber kudoko la Santos, ku Brazil, akukalipira madalaivala ake. Pamene ankafika ku tauni ya Minas, maluwa a pamanda anali atayamba kufota. Munthu amene sanachedwepo ndi katundu wa wina aliyense anachedwa pamaliro a mng'ono wake. Sanalankhule za zimenezo. M'malo mwake analengeza kuti Lamlungu kudzakhala phwando lotsanzika, nyama yootcha yoti tauni yonse idzaisimbe.

Awiriwa anabadwira pa esiteti ya nkhosa kumpoto, ana a wantchito wopanda ngakhale khasu lakelake. Heber anathawako ali mnyamata, nsapato zake zili zobwereka. Tsopano malole ake a mafiriji ankadutsa malire a mayiko anayi, ndipo iye mwini anali atadya nsomba ku Rotterdam, atagonapo pa chipale m'mapiri a ku Chile, ndi kugwirana chanza ndi anthu amene mayina awo ankawatchula ngakhale osafunsidwa. Amílcar anayendetsa basi mumzinda wa Montevideo mpaka imvi. Atapuma pantchito anagula kamalo kunja kwa Minas, nadzala maungu, anyezi ndi nyemba, naika nkhuku ndi ming'oma ya njuchi kuseri kwa nyumba. Kenaka anachita chimene Heber sanachimvetse mpaka lero: anabwerera ku nkhosa mwa kufuna kwake. Anatola tiana ta nkhosa takuda ndi tofiirira timene mafamu akuluakulu amataya, naphunzira kupota ulusi. Iye ankapota, Zulma ankaluka.

Amílcar anali ndi anzake a Loweruka, dokotala wa mano, aphunzitsi opuma ndi ena otero, amene ankabwera ndi magudumu awo m'galimoto kudzapota limodzi ndi kusinthana mbewu. Heber ankawatchula kuti anthu osewera umphawi. "Ife umphawi tinaudya weniweni," ankatero. "Sunkabwera Loweruka lokha."

Za kamaloka Heber ndi Noelia anali atagwirizana kale. Zulma akakhala ndi mwana wake mumzinda. Nkhosa zitatu zazikazi apatsa a Loweruka aja. Yachinayi, mfule yaikulu yokalamba yotchedwa Coronel, ndiyo idzakhale pamoto Lamlungu. Ikachoka imeneyo, khola latha, ndipo khola likatha palibe chotsalira pano. Zulma anamva zonsezi osavomera, osakana.

"Juzi ya ndani imeneyi, alamu?" anafunsa Heber.

"Ya mng'ono wanu."

"Alamu, mwini wake wapita. Ngati ndi juzi mukufuna, ine ndikubweretserani za ku Italy, zofewa ngati mwana wa mphaka."

"Sindinapemphe juzi. Ndikufuna mkono."

"Amayi, pepani," anatero Noelia. "Ndikagula ulusi wofanana nawo."

"Ukaugula kuti? Mtundu umenewu uli pamsana pa Coronel basi."

Heber anawomba m'manja kamodzi. Mavuto otere ndiwo ankawakonda, otha ndi chiganizo chimodzi. "Ndiye nkhani yatha. Mawa tipha, chikopa ndikusenderani bwinobwino, inu mumetepo ubweya wonse umene mukufuna."

"Ubweya wa nkhosa yakufa sulowa m'juzi imeneyi. Muimete ili moyo. Zotsala ndi zanu ndi mpeni wanu."

"Nanga adzapota ndani, amayi?" anafunsa Noelia.

"Gudumu lilipo," anayankha Zulma, napinda juzi ija n'kulowa nayo m'nyumba.

Heber anatulutsa foni. Ankadziwana ndi aliyense, ndipo amene sankamudziwa ankadziwa msuweni wake. Anapeza kapitawo wa gulu la ometa nkhosa limene linali pa famu ina kufupi ndi msewu waukulu, nayamba kudzitchula dzina lonse pamodzi ndi la kampani yake. Noelia ankamva mawu a kapitawoyo ali patali.

"Nkhosa zingati, bwana?"

"Imodzi. Mwina zinayi."

"Zinayi, mwezi wa Novembala uno? Zoyera?"

"Zofiirira."

Kapitawo anaseka. "Bwana, tsitsi limodzi lakuda likatsalira m'makina mwanga, famu yotsatira aundikanira ubweya wonse. Zimenezo mwini wake ankameta yekha ndi sizasi. Pepani ndi maliro."

Heber anayang'ana foni ngati yamutukwana.

"Bambo aakulu," anatero Noelia mwaulemu wonse, "paja munkati munkameta nkhosa zana patsiku?"

"Zana ndi makumi awiri."

"Pa ukwati wanga munati zana."

"Unali mwana, sunamve bwino."

Kunena zoona, Heber anameta nyengo imodzi yokha asanathawe, ndipo nkhosa zakezo zinkachuluka pa malire aliwonse amene ankadutsa. Koma mawu anali atatuluka kale pamaso pa mwana.

Loweruka kunacha kotentha. Heber anavula wotchi n'kuiika patebulo la pansi pa mkuyu. Pambali pake anayalapo sizasi yaikulu ya mng'ono wake, mpeni wake wa chigwiriro cha siliva umene anagula ku Argentina, ndi chingwe chimene anatenga m'galimoto. Anapinda malaya mpaka m'zigongono.

Chingwecho anachiyesa m'manja. Ku esiteti kuja nkhosa ankaigwetsa chagada, n'kuimanga miyendo pamodzi, n'kuikokera kwa wometa. Ntchito yomanga inali ya Amílcar, popeza anali wamng'ono. Ankamanga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo nyengo yometa ikafika ankasiya kulankhula, chakudya n'kumangochitosatosa. Heber ankaikonda nkhani imeneyi. Ankaisimba m'maphwando, anthu n'kumaseka, Amílcar naye n'kumamwetulira akuyang'ana m'mbale.

"Onerera, mwana wanga," anatero kwa Noelia. "Izi sukaziona ku ofesi kwanu."

Analowa m'khola manja ali tambasu. Nkhosa zinamuyang'ana, kenaka zinathamangira kungodya. Atafika kungodyako zinamudutsa mbali zonse ziwiri ngati madzi. Anatembenuka, nazitsata, nagwira Coronel ubweya wa pamchira. Coronel anamukoka mpaka pa chomwera madzi n'kumusiya pamenepo, bondo limodzi lili m'matope.

"Imeneyo ndi yoyamba mwa zana zija?" anafunsa Noelia ali pa mpanda.

"Iwe, tseka pakamwa, bwera unditchingire uku. Nkhosa za masiku ano n'zopanda mwambo. Abambo ako anazilera ngati ana a bwana."

Anayesanso kawiri. Thukuta linanyowetsa malaya a ku Italy. Nkhuku zinathawira m'maungu, galu wa oyandikana nawo anayamba kuuwa. Coronel anaima patali akupuma mwawefuwefu pansi pa chimtolo cha ubweya wa chaka chonse.

Zulma anatuluka ndi nsalu yoyera yakale, naiyala paudzu. Sanayang'ane m'khola.

"Tulukanimo, alamu. Siyani chitseko chotsegula."

"Ithawa."

"Ithawira kuti?"

Heber anatuluka akupukuta khosi. Zulma anatenga sizasi patebulo, naitsegula n'kuitseka m'malere kangapo. Chitsulo chinalira, tche, tche, tche.

Coronel anadzutsa mutu. Anatuluka m'khola mosafulumira, nadutsa Heber ngati akudutsa mtengo, nazungulira mkuyu. Kuseri kwake kunali chitseko chakale chogonekedwa pansi, ndipo kumutu kwa chitsekocho kunali mtengo wa mphanda wozikidwa m'nthaka, wokulungidwa ndi nsanza. Heber anali atauona kale, nayesa ndi wopachikapo ndowa. Nkhosa ija inakwera pachitseko, niika chibwano pamphandapo, niima phee.

Heber anali chiimire, chingwe chikulendewera m'dzanja.

"Nkhosa sameta itaimirira," anatero potsiriza.

"Mng'ono wanu ankameta choncho."

"Osaimanga?"

"Chingwe sichinalowepo pakhomo pano. Ngakhale chopachikira zovala ndinachita kulimbana naye, mpaka anandiikira waya."

"Nanga ikasuntha?"

"Mumaleka, n'kudikira. Ikatopa imapita kukadya, kenaka imabwerera yokha. Zinamutengera zaka kuti aiphunzitse. Zinazo nazonso zimadziwa, koma iyi ndiyo inayamba."

"Ndiye ankameta zingati patsiku?"

"Imodzi."

Heber anatsegula pakamwa kuti aseke, koma kuseka sikunabwere. Anayang'ana nkhosa, nayang'ana mpeni uli patebulo. Coronel anaphethira, ntchentche ikuyenda pamphuno pake, osachotsa chibwano pamphanda.

Noelia anali atabwera pafupi ndi amayi ake. "Ine sindinadziwe," anatero chapansipansi. "Ndinkabwera pa Khirisimasi zitametedwa kale."

Heber anakulunga chingwe pang'onopang'ono n'kuchiponya pansi pa tebulo. Kenaka anapisa m'thumba, natulutsa makiyi a galimoto.

"Noelia, gwira. Pita kwa butchala ku Minas, umuuze kuti Heber Techera akufuna nthiti za ng'ombe, zonse zimene ali nazo, ndi masoseji omwe. Akakupatsa zowonda umuuze ndibwera ndekha."

"Nanga Coronel?"

"Coronel chiyani? Taiona bwino nkhosa imeneyi. Ndi tayala la lole ili. Ine ndadya m'mahotela a mayiko khumi, ndiye ndidyetse madokotala a mano nyama yothyola mano? Andiseke mpaka ku Brazil? Ndinkangoiyesa, mwana iwe."

"Chabwino, bambo aakulu. Mpeniwu ndiubweze m'galimoto?"

"Apatse amayi ako adulire buledi."

Noelia anatenga makiyi, koma sanachoke msanga. Anayang'ana amayi ake. "Ndiye chipinda chanu chija cha kumzinda ndichikonzebe?"

"Uchikonze, ndizidzabwera kudzacheza," anayankha Zulma. "Ugulenso mchere wokhuthala, watha."

Galimoto itatuluka pachipata, Zulma anapereka sizasi kwa mlamu wake, chogwirira chili kutsogolo.

"Muyambire pakhosi, mutsike ndi msana. Mudule kamodzi. Pamene mwadutsa musabwerezepo, tizidutswa tatifupi timawononga ulusi."

"Alamu, mukuphunzitsa ine?"

"Ndikungokuuzani mmene ankachitira."

"Zitatu zinazo?"

"Nazonso zikumva kutentha."

Heber anawerengera m'mutu: nkhosa zinayi, imodzi patsiku. Lachiwiri ankayenera kukhala ku Asunción, ku Paraguay, kumene anthu ofunika ankamudikira. Anayang'ana wotchi yake patebulo, osaitenga.

"Ku Asunción adikira," anatero. "Popanda ine sangayambe kanthu."

Zulma anakokera nsalu yoyera ija pafupi ndi chitseko kuti ubweya uzigwerapo, nakhala pa chitsa.

Heber anazungulira nkhosa kufunafuna poyambira. Ataimirira, msana unkamupweteka. Atawerama, dzanja silinkafika bwino. Anakweza buluku pang'ono n'kugwada pambali pa chitseko. Pamenepo udzu unali utatha, ndipo m'dothi louma munali timaenje tiwiri tosalala, toyandikana, pamene mng'ono wake ankagwada. Mawondo ake analowamo ndendende.

Anaika dzanja lamanzere pakhosi pa Coronel, nadikira mpaka nkhosa itatulutsa mpweya. Kenaka anadula.