Dzina Latsopano la Gloria

Boti linali lisanadzaze padoko la Kachulu, koma a Meshack sankakhazikika. Akhale, aimirire, akhalenso, milomo ikungogwedera: "Maliyamu, Maliyamu."

Ankapita kuchilumba cha Chisi kukaona mdzukulu wawo wakhanda. Mwana wawo Gloria anakwatiwa kumeneko ndi msodzi wina, Idrisa, nalowa Chisilamu, n'kupatsidwa dzina lakuti Maliyamu. Ulendo watha a Meshack anangokhalira kumuitana Gloria pamaso pa apongozi ake, mpaka Idrisa anawatengera pambali. "Bambo, akuluakulu akuti mukunyoza chipembedzo chathu. Zikachitikanso, akuti musadzapondenso pakhomo pano."

Kunyoza kwake kuti? Mlimi wa mpunga wa ku Likangala ameneyu analibe chifukwa ndi munthu. Chinkawapsetsa mtima n'chakuti mayina a eni mudziwo anawagwira tsiku lomwelo: adazi aja ndi a Faizal, bambo ake a Idrisa, mayi wosekaseka uja ndi Fatuma. Nkhope yachilendo imalandira dzina lililonse. Koma nkhope ya mwana amene ankamunyamula paphewa kuwoloka naye madzi osefukira inali nalo kale dzina, ndipo latsopanoli linkangoterereka ngati mlamba m'manja.

Ulendo wonse wa panyanja anali pasukulu. Atseke maso, aone nkhope ija, lilime lithamangire kwa Gloria. Ankatukwana chamumtima n'kuyambiranso.

Mwana wawoyo anamupeza pakhonde, mpango kumutu, khanda pamiyendo, apongozi ali ndandanda pamkeka. Mantha anawagwira zedi.

"Maliyamu mwana wanga, wadzuka bwanji?"

Linatuluka bwinobwino. A Faizal anagwedeza mutu mokhutira, ndipo a Meshack anasangalala ngati mwana wakhoza mayeso. Tsiku lonse sanaphonye, mwinanso ankalitchula mopitiriza muyeso kuti onse amve.

Powaperekeza kudoko, mwana wawoyo anayankhula motsitsa mawu.

"Ababa, nanunso?"

"Nanenso chiyani?"

"Chilumba chonsechi ndine Maliyamu, ndipo sindikudandaula. Koma ndimati mukabwera inu ndimveko dzina langa lija, ngakhale kamodzi."

Dzina lija linafika lokha pamilomo, losafuna kuphunzira. Koma Idrisa anali atawapeza kale, atasenza thumba la matemba loti apongozi ake atenge, akumwetulira.

A Meshack analimeza dzinalo.

"Tsala bwino, Maliyamu," anatero, n'kukwera boti.