Galimoto Yokokera Kumanzere

Aka kanali kachitatu apongozi anga aamuna kubweretsa galimoto yawo kugalaja kwanga, ndipo dandaulo linali lomwe lija: ikukokera kumanzere.

Galimotoyo ndi zija za m'misewu yoipa, zokoka ndi mawilo onse anayi, ndipo ndi yakale kuposa ukwati wanga. Anaiyendetsa zaka makumi awiri ali dalaivala pakampani yodula mitengo, ndipo atapuma pantchito anatsala nayo. Ukainyoza galimotoyo, dziwa kuti wanyoza iwowo. M'mawa uliwonse ankatengera mwana wathu wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri kusukulu, pamsewu wotsetsereka umene kumanzere kwake kuli phompho.

Ulendo woyamba ndinasintha mabushi, timphira ta m'zitsulo zogwira mawilo. Wachiwiri ndinasinthanitsa matayala n'kupimitsa mawilo. Ulendo uno, Lachisanu m'mawa, anafika ndi katoni yawoyawo. Munali chitsulo chochindikala cholimbitsira pamene bokosi la chiwongolero limagwirana ndi msana wa galimoto umene timati tchesisi, ndodo yonenepa yolumikiza mawilo akutsogolo, ndi kashoko koletsa chiwongolero kunjenjemera.

"Amakaniko, pafooka ndi pabokosipo," anatero. "Chitsulo chimatopa. Mangani izi, muona."

Sindinatsutse. Mkamwini angayambire pati kutsutsa apongozi, makamaka pa galimoto imene amaidziwa kuposa ana awo? Ndinaikweza pa jeke, kuika zochirikiza, n'kuyala chikatoni pansi.

Mabawuti a bokosi anali atadyana ndi dzimbiri. Ndinawathira oyilo, kuwagogoda, kuwanyengerera, mpaka lina linandisenda chala. Nditachotsa bokosilo ndinapala tchesisi ndi bulashi ya waya kufunafuna mng'alu. Kunena zoona, mng'aluwo ndinkaufuna ndi mtima wonse, chifukwa ukanapezeka ndikanagona tulo. Ndinaunika ndi tochi uku ndi uku. Chitsulo chinali bwinobwino.

Ndinalowetsa chitsulo chatsopanocho, mabowo ake n'kugwirizana.

"Bambo, tandipatsirani nati ili pabenchipo," ndinatero ndili kunsi.

Ndinaona dzanja lawo lamanzere likulowa pansi pa galimoto. Lisanandifike, nati inagwa n'kugubuduzika. Anayesa kuitola, koma zala zinkangoikhudza osaigwira. Anayesanso. Kenako dzanjalo linabwerera, kunabwera lamanja.

"Girizi wanuyu ndi woterera bwanji!" anatero akuseka.

Natiyo inali yatsopano, youma. Ndinakhala chagada pamenepo, sipanala ili pachifuwa.

Masana mkazi wanga anabweretsa chakudya. Ndinamukokera kuseri kwa galaja, kumene timataya matayala akutha.

"Mwaliona dzanja la bambo?"

Anayang'ana pansi. "Ndinaliona kalekale. Sabata yatha anagwetsa kapu ya tiyi. Amayi akuti tisawakhumudwitse."

"Ndiye nonsenu mukudziwa, n'kumandisiya ine ndizimanga zitsulo ngati chitsiru? Mwana akukwera galimoto imeneyi tsiku lililonse!"

"Tsitsani mawu. Auzeni ndinu, pa za galimoto amamvera inu."

"Ndi bambo anu amenewa, si anga."

"N'chifukwa chake ndikulephera," anatero, maso atadzaza misozi.

Ndinapsa mtima kwambiri. Banja limeneli likakhala pa nkhani ya mtundu wa makatani limakangana mpaka dzuwa kulowa, koma pa ichi aliyense anali atatseka pakamwa, kudikira ine, mlendo wovala ovolosi, kuti ndinene. Komanso ndinkachita mantha, chifukwa munthuyo ndimamukonda. Tsiku limene ndinkatsegula galajayi, ndi iwo anabweretsa benchi ndi galimoto yomweyi.

Ndinabwerera kunsi. Ndinamanga ndodo yonenepa ija, kenako kashoko, n'kubwereza bawuti lililonse kawiri. Ntchito imene ndinkadziwa kuti sichiza kanthu ndinaigwira mosamala kuposa ina iliyonse chaka chimenecho. Apongozi anakhala pampando wa pulasitiki, akundisimbira za milatho ya mitengo imene anaolokapo mvula ili pakati.

Cha m'ma folo koloko tinapita kukaiyesa pamsewu wafumbi wa kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu. Ndinayamba kuyendetsa ndine. Pamalo osalala ndinachotsa manja onse pachiwongolero, ndipo galimoto inangoyenda mowongoka, osapendekera kwina kulikonse. Ndinawayang'ana kuti aone. Iwo ankayang'ana pawindo.

"Imani, ndiimve ndekha," anatero.

Tinasinthana mipando. Analowetsa giya movutikira, tinanyamuka. Ine maso anga sanali pamsewu. Dzanja lamanzere linakwera pachiwongolero, linakhalapo pang'ono, kenako linayamba kutsetsereka ndi kulemera kwake, likukoka chiwongolerocho. Iwo sankamva chilichonse. Galimoto inayamba kulunjika ku ngalande ya m'mbali mwa msewu. Ndinadikira kuti aibweze. Sanaibweze. Ndinagwira chiwongolero n'kuchikhotetsa, iwo n'kuponda buleki, fumbi n'kutikuta.

"Chotsani dzanja lanu," anatero motsitsa mawu.

Ndinalichotsa.

"Mwaona tsopano? Ikukokabe."

Zikanakhala zosavuta kunena kuti mwina bokosilo latha, tiitanitse lina, n'kupeza sabata zina ziwiri za mtendere. Koma Lolemba linali pafupi.

"Bambo, galimotoyi ilibe vuto. Likukoka ndi dzanja lanuli. Lolemba mwana sakwera, ndipo mawa ndikupempha tipite kuchipatala."

Ndinachita manyazi ngati ndawatukwana. Iwo anazimitsa injini, anatenga sipanala yawo pansi pa mpando, n'kutsika.

"Bambo, malaya anuwo ada," ndinatero nditaona zimene akufuna kuchita.

Anagona chagada pafumbipo ndi malaya awo oyera ositasita, n'kudzikankhira kunsi kwa galimoto mpaka kunangotsala nsapato. Ndinaima pambali ngati mwana wasukulu amene akumuchongera mayeso. Ndinkamva sipanala ikugunda bawuti, kukhala chete, kenako kugunda lina. Anayamba ndi a pabokosi, anapita ku ndodo, anamalizira ku kashoko. Anthu awiri odutsa panjinga anacheuka, mwina akudabwa kuti wovala ovolosi waima, mkulu ndiye ali pansi.

Kenako kunsiko kunangoti zii. Ndinawerama pang'ono, koma sindinalimbe mtima kusuzumira.

"Mwamanga bwino," mawu anatuluka kunsiko.

"Zikomo, bambo."

Panapitanso nthawi. Nsapato zija zinapalasa fumbi kamodzi, kawiri, n'kuleka.

"Akamwini."

"Bambo?"

"Tandikokani miyendo. Ndikulephera kutuluka."