Mukumva Chiyani, Bambo a Mwandi?

1.
Mukumva chiyani?

Anafunsa ndi a Nangozo, tambula ya vinyo ya mwendo umodzi ataigunditsa pamphuno pa amuna awo, a Zalimba. Dzanja linalo linali kale ndi kansalu kopukutira pachibwano. A Zalimba ananunkhiza vinyoyo. Anatsinzina. Mlomo wakumanja, umene unagwa chaka chatha, unanjenjemera pang'ono, kenako zii.

Akuti akumva mandimu, a Nangozo anauza mwana wawo.

Sananene kanthu, amayi, anatero Mwandida.

Ine ndawamva.

2.
A Zalimba anali munthu wa pakamwa. Ku Ntcheu konse, ukwati wopanda iwo pa chimkuzamawu anthu ankauyesa msonkhano wa feteleza. Ankaseketsa apongozi okwiya, ankavinitsa agogo a ndodo. Tsono m'mawa wina anadzuka dzanja lamanja lili lende, mawu atawathawa ngati nkhuku zoona kabawi.

Sitiroko.

Mawu amene anabwerera amakwana m'chikhatho.

3.
Mwandida, namwino ku Cape Town, anawaitanitsa onse awiri kuti bambo ake akaonane ndi madokotala a kumeneko. Lachisanu lina anabwera ndi nkhani.

Mawa tikupita ku Stellenbosch, kuminda ya mphesa, kokalawa vinyo.

Kumowa? Ife?

Adokotala atero, amayi. Akuti fungo limadzutsa mawu ogona.

A Nangozo vinyo ankangomuonera patali, m'manja mwa ansembe. Koma atamva za adokotala sanafunsenso. Anasita jekete la amuna awo kawiri. Iwo eni anatuluka m'nyumba atavala juzi mopidikula.

4.
Za m'chikwama cha a Nangozo:
mapiritsi a bambo a m'mawa
mapiritsi a bambo a masana
shati ina, mwina ingathimbirire
chipewa cha bambo
supuni ya bambo, ya chigwiriro chachikulu ija
nthochi, zosenda kale

Zawo: palibe.

5.
Msewu unatuluka m'tauni n'kuyamba kukwera ndipo mapiri anadzuka mbali zonse, otuwa, osongoka ngati mano a macheka, m'munsi mwake mizere ya mphesa itayalidwa mpaka kumene maso alekezera, masamba ena ofiira ena achikasu poti kunali kutayamba kuzizira, nyumba zoyera mbee zitabisala m'mitengo, timadamu tikung'anima, antchito atawerama m'mizere ndi zipewa zawo, Mwandida akuti amayi taonani phiri ilo, amayi taonani maluwa, a Zalimba akugogoda pawindo ndi dzanja lamanzere kwinaku akuyang'ana akazi awo, koma a Nangozo maso ali pa kolala ya amuna awo imene yapindika, pa batani limene lamasuka, pa dontho la pachibwano, n'kumati mukugogoda chiyani bambo a Mwandi, mukufuna mpweya, dikirani nditsegule

6.
Pamunda woyamba anawalandira mayi wina wa imvi, dzina lake Marlene. Ankathira pang'onopang'ono ngati mankhwala a m'maso, Mwandida akumasulira. Pukusani tambula. Nunkhizani. Lawani. Mukatero lavulirani m'kandowa aka.

Kulavula?

Ndiwo mwambo wake, amayi. Ndiponso abambo sayenera kumeza wambiri.

Munthu alime, athyole, afinye, asunge zaka, ine ndibwere ndilavule? Auze mayiwa kuti kwathu zimenezo ndi mwano.

Marlene atamva anaseka mpaka kugwira tebulo, nawasunthira tambula yawoyawo. A Nangozo anaibweza ndi manja awiri.

Zikomo. Ine ndabwera ndi odwala.

7.
Inu, bambo a Mwandi, munandipeza pamsika wa Lizulu ndikugulitsa kabichi. Simunagule. Munaima pamenepo kuitana makasitomala ngati kabichiyo ndi wanu, mpaka dengu linapepuka. Ndinakuvomerani kuti mwina mukhala chete. Simunakhale chete. Munkayankhula ndi wailesi, ndi mbuzi, ndi mvula. Ine wanga unali ulesi wongomvera.

Lero ndine ndikuyankhulira anthu awiri, ndipo sindikuitha ntchito yanu.

8.
Pamunda wachiwiri anawatsitsira m'chipinda cha pansi, chozizira, chodzaza migolo ya matabwa yosanjikizana. Munkamveka fungo la nkhuni zonyowa.

Mukumva chiyani?

Zii.

Vinyo wofiira, wakuda ngati magazi a ng'ombe.

Mukumva chiyani, bambo a Mwandi? Nenani ngakhale limodzi. Yesani. Mphe-sa. Mphe.

A Zalimba anatembenuza nkhope. Tambula inagunda tsaya, vinyo n'kutayikira pashati yoyera. A Nangozo anapukuta, anapukutanso, banga likungokula. Mawu awo anakwera mpaka azungu amene anali pafupi anacheuka.

Adokotala akowo ndi abodza, Mwandida. Tawavutitsa chabe bambo akowa. Tiyeni tizipita.

Watsala munda umodzi, amayi.

Ndati tizipita.

Koma a Zalimba anagogoda ndodo pansi. Iyayi.

9.
Pamunda wachitatu matebulo anali panja, pansi pa mitengo ikuluikulu yakalekale. Shati inali itasinthidwa. Vinyo atabwera, a Nangozo ananyamula tambula monga mwa nthawi zonse, koma a Zalimba anatseka pakamwa kuti gwa. Anailanda ndi dzanja lamanzere, naikankha patebulo pang'onopang'ono mpaka inaima patsogolo pa akazi awo.

A Nangozo anaibweza.

Inabweranso.

Anaibwezanso.

Inabweranso, vinyo akugwedezeka m'kati.

Imwani, amayi, anatero Mwandida. Mukuwadziwa. Tigona pompano.

A Nangozo anayang'ana uku ndi uku ngati pangatulukire a m'bungwe la amayi a kutchalitchi. Analawa. Kandowa kanali pomwepo, koma anameza.

Mwandida anafunsa motsitsa mawu. Mukumva chiyani?

10.
Kuwawasa.

Dikira.

Nthudza. Zija tinkathyola kuphiri tili ana, milomo n'kuda bii.

Analawanso.

Utsi wa m'khitchini mwa mayi anga.
Dothi, mvula yoyamba ikangogwa.
Kutentha apa, pachifuwa.
Msana.
Mapazi.
Mapewa awa, ngati ndasenza mtolo kuchokera ku Tsangano.

Ndatopa.

Liwulo linatuluka lokha. A Nangozo anagwira pakamwa. Chiyambire matendawa anali asanalinenepo, kwa ansembe kapena kwa mwana, ngakhale kwa Mulungu. Anayang'ana amuna awo mwamantha, poganiza kuti awabaya pamtima.

A Zalimba anali akugwedeza mutu. Diso lakumanzere linali litanyowa.

Eya, anatero. Eya.

Dzanja lawo linayenda patebulo, kudutsa tambula, n'kukagwira la a Nangozo limodzi ndi kansalu kopukutira kaja. Sanalisiye.

11.
Tsiku limenelo a Nangozo anadya atakhala pansi. Buledi, tchizi, mphesa zouma, ndi nyama ina yopyapyala imene anati yaphikidwa mwaumbombo. Supuni ya bambo anagwira ndi Mwandida.

Kodi phiri ili linalipo chibwerere chathu?

Linalipo, amayi.

Likufanana ndi la Dedza. Koma lathu ndi lonenepa.

A Nangozo anapempha kuti awathirireko vinyo wina, woyera uja wa fungo la mandimu. Anafotokoza za mbuzi imene inalowa m'tchalitchi pa ukwati wawo, anaseka mpaka kutsokomola, a Zalimba akuseka nawo ndi theka la pakamwa. Kenako anatsamira mtengo, nati angotseka maso pang'ono.

Mawu atsopano sanadzuke tsiku limenelo, ngakhale limodzi. Mthunzi unasuntha, alendo ena anabwera n'kupita, bambo ndi mwana anangokhala kulondera tulo ta mayi.

12.
Izi a Nangozo sakuzidziwa.

Masana ena, ulendowu usanakonzedwe, Mwandida pochokera kuntchito anapeza mayi ake atagona chokhala pampando, nsapato ya bambo ili pamiyendo, burashi itagwera pansi. A Zalimba anali maso, akuwayang'ana. Pa kanema pankaoneka minda ya mphesa, ndi anthu atakhala pamthunzi osachita kanthu.

A Zalimba analoza kanemayo.

Mukufuna tikaoneko, ababa?

Iyayi.

Analoza mpando. Mlomo unalimbana ndi liwu kwa kanthawi.

Iwo.

Sangavomere. Zokasangalala okha, inu muli chonchi? Mukuwadziwa.

A Zalimba anaganiza. Kenako anadziguguda pachifuwa, nagwetsa nkhope ngati munthu wotsala pang'ono kufa. Anaika chala m'khutu, nayendetsa chikhatho pamtima monga achitira madokotala.

Mwandida anagwira pakamwa kuti asaseke mokweza.

Tinamizire adokotala? Ababa, inu!

Eya.

Atatero anawerama movutikira, nasolola nsapato ija pamiyendo pa akazi awo, pang'onopang'ono, kuti asawadzutse. Anaipanikiza pakati pa mawondo. Mwandida anawatolera burashi, ndipo anayamba kupukuta okha ndi dzanja lamanzere, polishi akupaka ndi thalauza lomwe.