Mimba Imene Stelia Analibe

Ku Kapondo kuno mkazi sangabise za kumwezi, mchere umamuulula. Akakhala kumwezi sathira yekha mchere m'ndiwo, amaitana wina. Ndiye chaka chimene makuponi a fetereza anavuta chija, Stelia, mkazi amene a Lameki anakamutenga ku Dambe, anangoti miyezi kupita osaitana munthu.

Woyamba kuona anali mlamu wake Luwiza. Ameneyo, inu, ngakhale nyerere siimudutsa.

"Amayi, chikumbire mtedza alamu aja sanandiitanepo kukathira mchere."

Apongozi a Stelia anangoti lichero pansi, nthungululu! Zaka zinali zitapita akudikira mdzukulu. Pofika madzulo nkhani inali itafika kale pamjigo.

Stelia naye anakhulupirira, asakhulupirire bwanji? Kumwezi kwake kunali kodumphadumpha chiyambire utsikana, koma kusowa kotere ayi. Thupi linanenepa, siketi osatsekeka. Tindevu timene timamera pachibwano ankatizula mobisa kubafa, n'kumati mwina ndi mmene mimba ya mwana wamwamuna imachitira. Popita kudimba ankayankhula nayo mimbayo chapansipansi. A Lameki anamugulira chitenje cha ku Chipata. Apongozi anaitana anankungwi kuti adzachite chisamba, mwambo wolangiza mkazi wa mimba yoyamba.

Sabata ya chisambayo Stelia anapita kuchipatala cha ku boma kukayamba sikelo. Anesi anasisita pamimba, kusisitanso, kenako anamutumiza kwa adokotala a makina ounikira.

"Mayi, muno mulibe mwana," anatero adokotala.

"Onaninso bwino, adokotala. Amagunda."

"Pepani. M'timatumba tanu ta mazira muli totupa tambirimbiri. N'chifukwa chake kumwezi kumasowa, thupi kunenepa, tindevuto kumera. Amayi ambiri a vutoli amaperewera zinki m'thupi. Ndikupatsani mapiritsi ake, muzidyanso mtedza ndi nthanga za maungu."

Mtedza! Woti kwawo uli mbwee m'matumba. Stelia anafunsa chimodzi chokha.

"Ndidzabereka?"

"Ena amabereka, mayi. Koma sindingakulonjezeni."

Pazenera la mankhwala, bambo wopereka mapiritsi sanadzutse n'komwe mutu. Zinkiyo anazolowera kupatsa ana otsegula m'mimba.

"Muzimusungunulira m'madzi. Mwanayo ali ndi miyezi ingati?"

"Ndi anga," anatero Stelia. Anamanga mapiritsiwo pansonga ya chitenje chatsopano chija, n'kukalirira kuseri kwa mpanda.

Kunyumba anapeza amuna ake akusoka matumba m'chigafa, n'kuwauza zonse. A Lameki anaika singano pansi.

"Usanene kaye. Amayi aphika kale thobwa, anthu aitanidwa."

"Ndiye ndikalangizidwe ndi mimba ya mafuta?"

"Chidutse kaye chisambachi. Pambuyo tidzati yapita padera."

"Ndilire maliro a mwana amene sanakhalepo? Inu a Lameki, inu."

Tsikulo amayi anadzadza m'nyumba, fumbi koboo, nyimbo zili pakamwa. Luwiza anamata khutu pachitseko popeza osabereka salowa. Nankungwi wamkulu, mayi Benedicta, anati Stelia amasule chitenje.

"Tione katundu wa a Lameki! Anyamata ofatsa ndi amene amaopsa."

Amayi onse kuseka. Stelia anayang'ana manja okalamba amene amabwera pamimba pakewo. Akanatha kungokhala chete. Koma anawagwira manjawo.

"Amayi, musavutike. Mulibe kanthu muno. Ndi matenda."

Nyimbo inadukira pakati. Mayi Benedicta anamufunditsa chitenje mwakachetechete, n'kumusisita kumsana. Amayi ena anayamba kufunafuna masilipasi awo.

Apongozi sanakalipe, bola akanakalipa. Anatuluka pakhonde pamene panakhala mwana wawo.

"Lameki, njinga ili bwino? Mawa uwaperekeze alendowa kwawo ku Dambe."

Stelia anamva zonse ali m'nyumba. Anadikira kuti amuna ake ayankhe. Anadikira ndithu. Chimene anamva ndi a Lameki akufunsa Luwiza kumene kuli pampu ya njinga.